Kodi Wosamalidwa Amasowanso Chiyani?

Aphunzitsi anzanga, m'chigawo chino mudzakhala mukuphunzitsa ana za chifundo, ndipo ena a inu mwina mudzakonza zoti kalasi lanu likacheze ku nyumba yosungirako anthu olumala. Musanatero, tiyeni tiganizire pamodzi funso limodzi. Munthu amene satha kudzidyetsa, kudzisambitsa kapena kuyenda yekha, ife tikampatsa chakudya, tikamsambitsa, tikampezera pogona pouma ndi bulangete, kodi ngongole yathu kwa iye yatha? Ambiri a ife tingayankhe msanga kuti yatha, ndipo tingaonjezenso kuti munthuyo ali ndi mwayi, pakuti alipo ena amene ngakhale zimenezi sazipeza. Inenso ndinkayankha chomwecho zaka zambiri. Tsopano ndikuona kuti yankholo ndi loperewera, ndipo kuperewera kwake kumafika mpaka pa thupi lomwelo limene tikuti tikulisamala.

Ndikunena makamaka za anthu amene ali ndi kulumala kumene madokotala amakutcha cerebral palsy. Munawaonapo ndithu: mwana amene khosi lake limachedwa kulimba, miyendo yake youma ndi yopingasa, manja ofumbata, mutu wogwedezeka, dovu likuchucha, mau otuluka movutikira. Gwero la zonsezi silili m'miyendo kapena m'manja ayi, lili mu ubongo. Mbali ya ubongo imene imalamula minofu inavulala mwanayo ali m'mimba, pobadwa, kapena akali wakhanda. Dokotala wina wa ku London, William Little, ndiye anakufotokoza bwino kulumala kumeneku mu 1861, naonetsa kuti kumayenderana ndi kubadwa movutikira ndiponso kubadwa masiku asanakwane. Lero tikudziwa zifukwa zinanso: matenda ena amene mayi amadwala ali woyembekezera, chikasu chachikulu cha masiku oyamba, matenda oumitsa khosi, ndipo kuno kwathu malungo ofika ku ubongo. Sikupatsirana. Sikubwera chifukwa choti makolo anasempha mwambo, kapena kuti bambo anakhwimira mwana wake kuti alemere, monga amanong'onezana anthu pachitsime. Bala la mu ubongolo silikula, komanso silipola. Chimene chimasintha ndi thupi, pakuti mafupa akamakula minofu youmayo imawakoka ndi kuwapinda.

Akatswiri ena anasonkhanitsa zimene zinapezeka m'maiko angapo nazisindikiza mu 2012. Anapeza kuti mwa anthu otere mmodzi mwa atatu satha kuyenda, mmodzi mwa anayi amagwa khunyu, ndipo pafupifupi theka ali ndi vuto la kuphunzira, pamene theka linalo nzeru zawo zili monga zanu ndi zanga. Koma pali ziwerengero ziwiri zimene ndifuna muziike pafupi ndi kuziyang'ana pamodzi. Atatu mwa anayi amamva ululu m'thupi. Mmodzi mwa anayi satha kulankhula. Tsono taganizani za munthu amene ali m'magulu onse awiriwa.

Ndikuuzeni za munthu mmodzi. Sanali wa kuno. Anali Mngelezi, dzina lake Joey Deacon, wobadwa mu 1920 ku London. Kulumala kwake kunali kwakukulu: sankayenda, manja ake sankamumvera, ndipo mau ake anthu sankawamva. Mayi ake ankakhulupirira kuti mwana wawo ali ndi nzeru, koma anamwalira iye ali ndi zaka 6. Patapita zaka zowerengeka anamtengera ku chipatala cha St Lawrence's ku Caterham, kumwera kwa London. Chipatalachi chinatsegulidwa mu 1870 kuti chizisunga anthu amene ankawayesa opanda nzeru zokwanira, ndipo chinali chachikulu ngati tauni, chosunga anthu oposa 1,500. Joey analowamo ali mwana nakhalamo zaka zoposa 50, mpaka imfa yake.

M'menemo ankadya, ankasamba, ankagona pa bedi, ndipo akadwala dokotala analipo. Pa muyeso wathu uja, ngongole inali itatha. Komatu kwa zaka zoposa khumi analibe munthu wocheza naye momasuka, pakuti aliyense womva mau ake ankangomva phokoso. Mu 1941 anakumana ndi Ernie Roberts, wodwala mnzake wa m'chipatala momwemo, amenenso anali ndi cerebral palsy, ndipo Ernie ankamva zimene Joey akunena. Kuyambira pamenepo anakhala pakamwa pake. Mu 1970 Joey anayamba kulemba mbiri ya moyo wake, ndipo malembedwe ake anali otere: iye ankalankhula, Ernie ankamva nabwereza momveka, mnzawo wachitatu, Michael Sangster, ankalemba pamanja, ndipo wachinayi, Tom Blackburn, amene sankadziwa kuwerenga, anadziphunzitsa kutayipa nagogoda chilembo chimodzichimodzi. Pa tsiku ankatha mizere yowerengeka chabe. Ntchitoyo inawatengera miyezi 14, ndipo kabukuko, kotchedwa Tongue Tied, kanatuluka mu 1974. Chaka chomwecho a BBC anapanga kanema wa moyo wake. Ndalama za bukulo pamodzi ndi zopereka za anthu zinamangitsa kanyumba pabwalo la chipatala, ndipo mu 1979 anayiwo analowamo. Joey anali ndi zaka 59 pamene anayamba kugona m'nyumba yonga ya anthu onse. Anamwalira mu Disembala 1981.

Kodi Ernie anali ndi chiyani chimene madokotala ndi anamwino analibe? Sanapite ku koleji. Makutu ake sanali osiyana ndi athu. Ine ndikuona zinthu ziwiri. Choyamba, anali ndi nthawi, pakuti iyenso analibe kwina kothamangira. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo m'chipatala chonsecho wodekha anapezeka pakati pa odwala. Chachiwiri, ndipo ndicho chachikulu, Ernie anayamba ndi kuganiza kuti m'phokosomo muli mau. Munthu amene watsimikiza kale kuti mnzake alibe chonena sangamumve, ngakhale atakhala naye zaka makumi awiri.

Mwina wina anena kuti, "Zimenezo ndi zokoma, koma ndi zoonjezera. Kucheza kubwere pambuyo. Choyamba munthu akhale wamoyo ndi wathanzi." Apa ndipo ndifuna tikhalepo pang'ono, chifukwa kwa anthu awa kumvedwa ndi thanzi sizilekana.

Titenge za kudya. Ife timameza osaganiza, koma kumeza ndi ntchito ya minofu yambiri ya lilime, masaya ndi kummero, imene iyenera kugwira mwadongosolo kuti njira ya mpweya itsekeke chakudya chikamadutsa. Kwa munthu wolumala kwambiri dongosololi limasokonekera. Afunika kumkhazika tsonga, mutu wosapendekera kumbuyo, kumpatsa pang'onopang'ono ndi kasupuni kakang'ono, ndi kudikira kuti ameze asanampatse china. Kwa ambiri phala lolimbirako ndi losavuta kumeza kuposa madzi kapena tiyi, zimene zimathamanga kummero iye asanakonzeke. Mukamdyetsa chagada, kapena mofulumira, china cha chakudyacho chimalowera ku mapapo. Ena amatsamwa nkutsokomola, koma ena satsokomola nkomwe. Mumangoona maso akulengeza misozi, mau akumveka ngati muli madzi kukhosi, ndipo pakapita masiku thupi latentha, chibayo chamgwira. Matenda a m'mapapo ndiwo amapha anthu otere kuposa china chilichonse. Tsono munthu uja akamatembenuza mutu supuni ikubwera, wosamdziwa amati, "Akukana chakudya, ngwamakani," nachotsa mbale, kapena namkakamiza. Womdziwa amadziwa kuti akuti, "Dikirani, sindinameze." Woyambayo amuondetsa kapena amdwalitsa chibayo, ngakhale chakudya chili chokwanira m'nkhokwe.

Za ululu ndi chimodzimodzi. Mwa mmodzi mwa atatu fupa la ntchafu limasuntha pang'onopang'ono kuchoka m'malo mwake pachiuno, chifukwa cha kukoka kwa minofu. Dzino limabooka kwa munthu amene ndi kovuta kumtsuka m'kamwa. Kudzimbidwa ndi chilungulira zimawavutitsa ambiri. Wogonera mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda pamene fupa lakhudza mphasa, pamatako, m'chiuno ndi pazidendene, ndipo nchifukwa chake amafunika kumtembenuza pafupipafupi, usiku womwe. Zonsezi zili ndi chithandizo chake: mafizo, mpando womuyenera, madzi akumwa okwanira, mankhwala, nthawi zina opaleshoni. Koma chithandizo chimayamba pamene wina wazindikira kuti kulira kwa lero sikufanana ndi kwa dzulo, kuti munthuyu amakuwa pokhapokha akamtambasula mwendo wamanzere pomveka zovala. Kumene kulibe womdziwa, kulira konse kumalandira yankho limodzi: "Ndi mmene alili." Mau amenewa ndimawaopa kwambiri, chifukwa amatseka nkhani isanayambe.

Motero sindivomera kuti kumvetsera ndi ndiwo zoonjezera pa nsima. Munthu amene sakumvedwa sakusamalidwa mokwanira ngakhale m'thupi.

Komatu tisathamangire kuweruza antchito a m'nyumba zimenezi. Tawerengani nokha. Mayi mmodzi apatsidwe anthu khumi oti awadyetse, ndipo aliyense afune theka la ora kuti adye bwino. Ndiye kuti chakudya chamasana chokha chimtengera maora asanu, osawerengera kuchapa, kusambitsa ndi kusintha zogonera. Adzafulumira basi, ndipo si chifukwa cha nkhanza. Mu 1981, chaka chomwe Joey anamwalira, wailesi ya kanema ya ku Britain inaonetsa filimu yotchedwa Silent Minority, yojambulidwa mbali ina m'chipatala chomwecho cha St Lawrence's, ndipo anthu anadzidzimuka poona odwala ambiri, antchito ochepa, ndi anthu ongokhala tsiku lonse popanda wowalankhula. Chipatalacho chinatsekedwa mu 1994, pamene dzikolo linkasamutsira anthu otere ku nyumba zing'onozing'ono za pakati pa anthu. Mlandu waukulu sunali wa namwino wotopa. Unali wa amene anaganiza kuti anthu ochuluka chotero angasamalidwe ndi manja ochepa chotero. Ndipo apa ifenso tili ndi mbali yathu. Tikamasonkha za nyumba zotere timakonda malata, simenti ndi mabulangete, zinthu zimene tingaziloze ndi chala tsiku lopereka. Ndani wa ife anasonkhapo kuti pakhale wantchito wina mmodzi, kapena kuti amene alipoyo alandire zokwanira asachoke? Pakuti wantchito amene wakhala zaka zisanu akachoka, amachoka ndi zonse zimene anaphunzira za munthu aliyense, ndipo wosalankhula uja ayambanso kuphunzitsa mlendo kuchokera pachiyambi.

Ena angatenge nkhaniyi nkunena kuti, "Mwaona, nyumba zosungira anthu ndi za azungu, ife timasunga athu kumudzi." Ndi zoona kuti kuno ana otere ambiri ali ndi amayi awo kapena agogo awo, ndipo ndi zoonanso kuti pangano la United Nations la mu 2006 lonena za ufulu wa anthu olumala, limene Malawi analivomereza mu 2009, limati munthu wolumala ali ndi ufulu wosankha kumene akhale ndi amene akhale naye. Koma tisadzitame msanga. Mukuwadziwa inu amayi amene amuna awo anawathawa mwana atabadwa wotere, amene amamtsekera mwanayo m'nyumba m'mawa kuti akalime, popeza wakula sangaberekeke kumbuyo ndipo palibe wowatsalira naye. Mwana ameneyo ali kwawo, pakati pa abale ake, koma tsiku lake silisiyana ndi la Joey asanakumane ndi Ernie. Kumbali inayi, Joey anapeza abwenzi ake atatu m'chipatala momwemo. Denga la udzu kapena la malata silitiuza kanthu. Chofunsa ndi chakuti, pansi pa dengalo alipo kodi amene amamdziwa munthuyu?

Pali msampha wina m'nkhani ya Joey umene ndifuna muupewe pophunzitsa. Ndi kosavuta kuwauza ana kuti, "Taonani, munthu amene ankamyesa chitsiru analemba buku, choncho musanyoze olumala, mwina ali ndi nzeru zobisika." Phunziro limenelo ndi lopotoka. Likutanthauza kuti munthu ayenera kumvedwa ngati mkati mwake muli wolemba mabuku, ndipo ngati mulibe, tingamsiye. Nanga theka lija limene lilidi ndi vuto la kuphunzira, amene sadzalemba ngakhale dzina lawo? Iwonso amadziwa phala lotentha ndi lozizira, amakonda munthu wina kuposa wina, amafuna kukhala padzuwa m'mawa ndi pamthunzi masana. Zimene ali nazo zonena zingakhale zazing'ono, koma ndi za moyo wawo, ndipo palibe wina angazidziwe koposa eni ake. Bukulo silinampange Joey kukhala munthu. Linangotichititsa manyazi ife amene tinafunika buku kuti tikhulupirire.

Mukafika pa nkhani ya munthu wobadwa wosaona mu Yohane 9, taonetsani ana chinthu chimodzi chimene timachidumpha kawirikawiri. Ophunzira aja anafunsa za munthuyo, za tchimo lake ndi la makolo ake, iye ali pomwepo, ndipo makutu ake anali abwinobwino. Anamsandutsa mutu wa phunziro. Palibe mwa iwo amene analankhula naye.

Ana amatengera zimenezi kwa ife, ndipo nkhani ya Joey ili ndi mathero ena owawa amene mphunzitsi aliyense ayenera kuwadziwa. United Nations inatcha 1981 chaka cha anthu olumala, ndipo pulogalamu ya ana ya BBC yotchedwa Blue Peter inaonetsa Joey kuti ana aphunzire kulimba mtima kwake. Akulu okonza pulogalamuyo anali ndi cholinga chabwino. Koma m'mabwalo a sukulu za dzikolo ana anayamba kutengera malankhulidwe ake ndi kugwedezeka kwa manja ake, ndipo dzina lakuti Joey linasanduka chitonzo chimene ankatukwanirana zaka zambiri. Ngakhale bungwe lalikulu lothandiza anthu a cerebral palsy kumeneko, The Spastics Society, linasintha dzina mu 1994 nkukhala Scope, chifukwa liwu la m'dzina lakalelo linali litasanduka mwano. Anawo anamuona Joey, koma sanakhale naye. Kuonetsa ana munthu wolumala kwa mphindi zochepa, iwo ali uku iye ali uko, kungabale chifundo, koma kungabalenso kuseka, ndipo inu amene mwaphunzitsapo mukudziwa chimene chimafala msanga pa nthawi yopuma.

Chifukwa chake ngati mupita kukacheza, musatenge kalasi lonse kuti likaime pamzere, liimbe nyimbo ziwiri, lipereke sopo nkubwerera. Tengani ana ochepa, ndipo mukonze zopitanso kawirikawiri kwa anthu omwewo. Mukafika, funsani osamalira mmene munthu aliyense amanenera inde ndi ayi, pakuti wina amakweza maso, wina amafinya dzanja, wina amatulutsa lilime. Ana akhale pansi kuti nkhope zilingane. Afunse funso limodzi, kenaka adikire, ndipo kudikirako kudzakhala kotalika kuposa mmene anazolowera, chifukwa uthenga wochokera ku ubongo umatenga nthawi kuti ufike ku lilime kapena ku dzanja, ndipo munthuyo akaona kuti mukumfulumiza minofu yake imaumiratu. Asamalize mau m'malo mwake. Ngati sanamve, anene kuti sanamve napemphe abwereze. Kugwedeza mutu monamizira ndi bodza, ndipo iye amalizindikira. Asamdyetse kanthu, ngakhale siwiti, osamalira asanalole. Asakankhe njinga yake asanamfunse.

Izi ndikukuuzani sindinazidziwe chibadwire. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, tinapita ndi akulu ampingo anzanga ku nyumba ina yotere titanyamula shuga, sopo ndi ufa. Anthu a pamenepo anawatulutsa pakhonde pa njinga zawo nawayang'anitsa kwa ife. Pafupi nane panali mnyamata wa zaka ngati 20, mutu wake utagwera paphewa. Ine, amene ndinaphunzitsa ana zaka zoposa 30 ndipo ndinkadziyesa wodziwa kulankhula ndi aliyense, ndinatembenukira kwa mayi womsamalira nkufunsa mokweza kuti, "Kodi ameneyu amamva?"

Mayiyo anandiyankha mwaulemu, koma sanamwetulire. "Afunseni eni ake, abambo. Akakweza maso ndiye kuti inde."

Ndinagwada nkumfunsa ngati wakondwa ndi kubwera kwathu. Maso sanakwere. Ndinayesa kuti sanamve, ndipo ndinafuna kubwereza mokweza, koma mayi uja anandigwira pamkono kuti ndidikire. Mnyamatayo anali akulimbana ndi dzanja lake, nalikoka pang'onopang'ono mpaka linaloza kumbuyo kwake. Ndinafunsa ngati akufuna madzi. Ayi. Ngati akufuna kulowa m'nyumba. Ayi. Pamenepo ndipo ndinamva phokoso limene linalipo nthawi yonseyo: kuseri kwa mpanda anyamata a pasukulu yapafupi anali kusewera mpira, monga ankachitira Loweruka lililonse masana, ndipo pakhonde pomwepo panali malo amene iye ankaonera masewerowo. Ife ndife tinachititsa kuti amtembenuze, afulatire mpira ayang'ane alendo.

"Mukufuna kuona mpira, achimwene?"

Maso anakwera. Ndinatembenuza njingayo, ndipo anzanga anapitiriza nyimbo kumbuyo kwathu. Timu ya malaya ofiira ndiyo inali yake, ndipo tsiku limenelo inagonja ndi zigoli ziwiri.